Kukagona kuphiri m'chilimwe kuno ku Kasungu: yambani ndi amfumu ndi madzi, tenti ibwere pambuyo

Chaka chilichonse miombo ikangoyamba kuphuka masamba ake ofiira aja, foni yanga imayamba kulandira funso lomwelomwelo. "Achimwene, tikufuna tikagone kuphiri Loweruka likubwerali, tinyamule chiyani?" Ofunsawo amakhala achinyamata a kumpingo, aphunzitsi ofuna kutenga ana a kalabu ya zachilengedwe, nthawi zina anthu ogwira ntchito ku Lilongwe amene abwera kwawo kudzapuma. Ndimayankha ndithu, koma pa foni munthu umaiwala zina, ndipo zoiwalikazo ndi zomwe zimakavulaza anthu. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi, kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ulendo umene ndikunena ndi waufupi: kunyamuka Loweruka m'mamawa, kugona usiku umodzi, kubwerera Lamulungu dzuwa lisanafike paliwombo. Gulu la anthu 4 mpaka 8. Nyengo yake ndi kuyambira Seputembala mpaka mvula isanakhazikike mu Novembala, pamene udzu wauma ndipo njira zikuoneka bwino, koma masana dzuwa likuswa mtengo.

Za katundu ndiyankha, koma zili pa nambala 5. Zinayi zoyambazo musazilumphe.

1. Sankhani phiri, ndipo mudziwe kuti lili m'manja mwa ndani

Kulibe phiri lopanda mwini. Ukaliona uli m'basi pa msewu wa M1 limaoneka ngati tchire chabe, koma pali amene amatolako nkhuni, amene anaikako ming'oma ya njuchi, amene makolo awo anagona m'munsi mwake. Kuno kwathu mapiri ali m'magulu atatu.

Ambiri ndi a m'midzi, pa malo a mafumu. Kaya ndi kwa Kaomba, kwa Mwase, kwa Lukwa, kwa Santhe kapena kwa Wimbe, m'munsi mwa phiri lililonse muli nyakwawa amene amaliyang'anira. Malangizo anga ambiri akunena za mapiri amenewa.

Ena ali m'nkhalango za boma, monga ya Chimaliro kumpoto chakumalire ndi Mzimba, kapena ya Mchinji kwa anansi athu. Kumeneko chilolezo chimachokera ku ofesi ya zankhalango pa boma. Pitani pakati pa sabata, osati Lachisanu madzulo, ndipo mufunsiretu ngati amalola kusonkha moto.

Gulu lachitatu ndi Kasungu National Park, paki yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika. Amalowera pa chipata cha Lisitu, ndipo malo ogona ali ku Lifupa, m'mbali mwa damu momwe muli mvuu. Muli phiri lamwala lotchedwa Black Rock lomwe anthu amakwera kukaona dzuwa likulowa. Koma mupaki simuyenda pansi popanda mlonda wa paki wonyamula mfuti, ndipo simumanga tenti pomwe mwakonda. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, kuwonjezera pa zomwe zinalimo kale, choncho lamuloli si lamwambo chabe. Mulinso akashembe, ntchentche zija ena amangoti tsetse, zomwe zimafalitsa matenda ogona. Zimatsata kwambiri zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zakhaki kapena zotuwa, zamanja aatali. Mitengo yolowera imasintha, imbani foni mufunsiretu.

Ngati simunakwerepo phiri, yesani kaye miyendo pa phiri la Kasungu lomwe lili pafupi ndi tauni. Kwerani m'mawa, tsikani masana asanafike, osagona. Mudziwa amene m'gulu mwanu ali ndi phuma, amene nsapato zimamuluma, ndi madzi amene mumamwa dzuwa likakhwima.

2. Kapezeni amfumu, sabata yathunthu ulendo usanafike

Apa ndi pamene anthu ambiri amalumpha, chifukwa ena amachita manyazi, ena amaganiza kuti akawalipiritsa ndalama zambiri, ena amangoti ndife Amalawi, dziko ndi lathu. Ine ndinalumphapo kamodzi, ndipo sindifuna kuti zimene tinaona zionekerenso wina.

Unali ulendo wanga wachiwiri wokagona kutchire. Tinatsika galimoto pa sitolo ina, tinagula shuga ndi machesi, n'kudutsa m'minda yopanda mbewu kulunjika kuphiri. Dzuwa litapendeka tinaona kankhalango kowirira m'munsi mwa phirilo, mitengo italiitali ya mthunzi wozizira, pomwe ponse pozungulira panali zitsa zokhazokha. Tinamanga matenti m'mphepete mwake. Cha m'ma 8 koloko usiku, nsima itangopsa, tinaona matochi akubwera m'mizere iwiri. Anali anyamata a m'mudzi, zibonga ndi zikwanje zili m'manja. Chimene chinatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire amene anali nawo, yemwe anaima pakati n'kunena kuti nkhani ikakambidwe kwa amfumu. Tinasiya nsima pamoto. Tinakhala pansi pabwalo mpaka usiku ndithu, ana akutisuzumira kuseri kwa nkhokwe, ndipo m'mawa mwake unali mlandu. Kankhalango kaja kanali manda. Tinalipira, tinapepesa, ndipo amfumuwo anatiuza mofatsa kuti tikanabwera masana akanatipatsa mwana wawo yemwe kuti atiperekeze. Olakwa tinali ife.

Dziikeni m'malo mwa anthu a m'mudzimo. Alendo osadziwika, zikwama zikuluzikulu kumsana, alowa m'tchire dzuwa likulowa, akuyatsa matochi kumanda. Akuba ng'ombe amayenda choncho. Ofukula manda amayenda choncho. Ndipo tonse tikukumbuka za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena a kumwera. Mphekesera zotere zikabuka, mlendo wa chikwama ndiye amayamba kulozedwa zala. Kudziwika kwa amfumu ndiye chitetezo chanu chachikulu kuposa chikwanje chilichonse chimene munganyamule.

Kachitidwe kake ndi aka. Mupite anthu awiri, mmodzi akhale wamkulu msinkhu. Ngati m'gulu mwanu muli atsikana, mmodzi mwa awiriwo akhale mayi, ndipo avale chitenje. Mukafika m'mudzi musalunjike pakhomo pa amfumu. Funsani munthu woyamba kukumana naye kuti akulozereni kwa nduna, chifukwa nduna ndiyo imakulowetsani. Mukafika pabwalo odirani, vulani chipewa ndi magalasi a dzuwa, dikirani akupatseni pokhala. Foni ikhale m'thumba. Perekani moni mukuomba m'manja pang'onopang'ono, ndipo musayambe nkhani yanu mpaka atakufunsani malonje. Kwa amene anakulira m'tauni, malonje ndi kufotokoza kwa mlendo: wachokera kuti, wayenda bwanji, wadzera chiyani. Amafotokoza mwadongosolo, osathamanga. Mungathe kunena motere:

"Zikomo Gogo Chalo. Ife ndife ana anu, tachokera ku boma. Tili ndi gulu la achinyamata 6 a kumpingo kwathu, ndipo timafuna Loweruka la mawa lino tidzakwere phiri lanuli, tigone usiku umodzi, Lamulungu tibwerere. Sitikufuna miyala, sitikusaka nyama, sitidula mtengo. Tabwera kuti mutilole ndi kutilangiza poyenera kuponda."

Mawu oti simukufuna miyala munene ndithu, chifukwa masiku ano alendo ambiri okwera mapiri amaganiziridwa kuti akufufuza miyala ya mtengo wapatali. Onetsani ziphaso zaunzika, kalata yochokera kumpingo, kusukulu kapena kwa amfumu a kwanu, ndipo siyani pepala la mayina a onse obwera ndi nambala ya foni ya mtsogoleri.

Akavomera, funsani zinthu izi musanadzuke: malo amene simuyenera kufikako, mjigo kapena chitsime chimene chili ndi madzi mwezi uno, munthu amene angakutsogolereni, komanso ngati Loweruka limenelo kuli mwambo uliwonse m'mudzimo. Pemphaninso kuti adziwitse anthu awo, makamaka achitetezo a m'mudzi amene amayendera usiku. Mfumu kudziwa yokha anyamata ake osadziwa, matochi aja adzabwerabe.

Za kangachepe. Sikuti mukugula phiri, ndi ulemu wa mlendo. Paketi ya shuga, mchere ndi sopo, kapena ndalama pang'ono malinga ndi thumba lanu, mupereke nkhani itatha, kudzera mwa nduna, ndi manja awiri. Musayambe ndi kutulutsa ndalama nkhani isanakambidwe, zimaoneka ngati mukubisa kanthu.

Akakana, musakangane nawo ndipo musazembere njira ina. Mwina kuli maliro, mwina kwachitika zakuba posachedwa, mwina pali chifukwa chimene sangauze mlendo. Thokozani, sankhani tsiku lina kapena phiri lina. Pobwerera dzerani pa polisi ya m'deralo musiyenso mayina ndi tsiku.

3. Tengani wotsogolera wa m'mudzi momwemo, ndipo mumvereni

Mapu a pa foni sadziwa kuti ming'oma ya njuchi ili pati, sadziwa kuti kanjira kena kamathera paphompho, ndipo sadziwa manda. Munthu wa pamalopo amadziwa. Gwirizanani malipiro ake pamaso pa nduna musananyamuke, ndipo muwerengereni chakudya ndi madzi ngati mmodzi wa inu.

M'dera lathu lino, ukaona mitengo yachilengedwe yowirira pamalo amodzi pomwe kwina konse kunadulidwa, kawirikawiri amakhala manda. N'chifukwa chake nkhwangwa sinafikepo. Musalowemo kukafuna mthunzi, nkhuni kapena kudzithandiza. Komanso pafupi ndi manda ambiri pamakhala dambwe, malo amene amuna olowa Gule Wamkulu amakumanako, ndipo wosalowa saloledwa kuyandikirako. Wotsogolera akangoti "kuno ayi, tidzere uku," musafunse zambiri, mutsateni.

Chilimwe ndi nyengo ya gule, poti anthu akolola ndipo ziliza ndi miyambo yolonga mafumu zimachitika nthawi imeneyi. Mukakumana ndi gule panjira, patukani, khalani pansi kapena njutani, muponye kandalama pansi ngati muli nako, mudikire adutse. Musaloze chala, musaseke, ndipo musatulutse foni kuti mujambule popanda kuloledwa. Ana a m'tauni muwauziretu zimenezi muli kunyumba, chifukwa mantha amawathamangitsa, ndipo kuthamanga ndi katundu pamiyala n'kumene kumathyola miyendo.

Mapiri oyandikira tauni mumapezanso anthu a mapemphero, ena amagona komweko akusala kudya. Apatseni moni, mangani tenti patali pang'ono, wailesi itsike.

4. Werengani madzi ndi cholembera, osati ndi maso

Khwawa limene munaliona likuyenda mu Epulo, mu Okutobala ndi mchenga. Musadalire kasupe amene wina anakuuzani pa foni, pokhapokha wa m'mudzi atanena kuti watungako sabata yomwe ino.

Kuwerenga kwanga ndi uku. Munthu mmodzi woyenda padzuwa la Okutobala, pamene kutentha kumapitirira madigiri 30, ndimamuwerengera malita 4 kapena 5 akumwa patsiku, n'kuwonjezerapo malita 2 ophikira ndi kusamba m'manja. Pa ulendo wa tsiku limodzi ndi theka ndiye kuti malita pafupifupi 10. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndiye aliyense asenze makilogalamu 10 a madzi, pamwamba pake ufa, poto, bulangete ndi tenti, n'kukwera phiri? Sizitheka. Apa anthu amachepetsa madzi kuti chikwama chipepuke, ndipo kulakwa kwakukulu kumayambira pomwepa.

Njira yake ndi yosakagona pansonga. Mangani msasa m'munsi kapena chapakati pa phiri, pamene njinga yakapalasa kapena munthu wosenza angafike. Gulu la anthu 6 likufunika zigubu 3 za malita 20. Tungani pamjigo wa m'mudzi, lipirani anyamata akufikitsireni pamsasa, ndipo pokwera pamwamba aliyense angotenga malita 3 ndi kachakudya. Mudzayenda mopepuka, mudzaona zambiri, ndipo ndalama ina idzatsala m'mudzimo.

Madzi a pachitsime chosatetezedwa awiritseni, kapena thiranimo WaterGuard monga alembera pabotolo n'kudikira mphindi 30. M'maiwe a madzi osayenda a m'madambo musasambemo ngakhale kutatentha chotani, ndimo mumakhala likodzo.

Imwani pang'onopang'ono koma pafupipafupi, osadikira kuti kukhosi kuume. Mtsogoleri aziyang'ana anzake. Wina akayamba kudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, akasiya kulankhula pomwe amakhala wolongolola, mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu chakuda, imani pomwepo. Mugonekeni pamthunzi, mumasuleni zovala, munyowetseni chitenje mumuike m'khosi ndi m'khwapa, mumpatse Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi. Ngati mulibe, sungunulani masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Akayamba kubwebweta, kudzandira kapena kukomoka, ulendo wathera pomwepo: pitirizani kumuziziritsa ndi madzi ndi kumukupiza uku mukuthamangira naye kuchipatala. Wokomoka musamuthire madzi m'kamwa.

Mowa usiyeni kunyumba. Umaumitsa thupi, ndipo woledzera pathanthwe usiku ndi maliro.

Lamulo langa ndi limodzi: madzi a m'mabotolo akafika theka, timabwerera kumsasa, kaya nsonga ikuoneka pafupi bwanji.

5. Katundu

Aliyense: nsapato zotseka zimene wayenda nazo kale, osati zatsopano, osati mapatapata. Masokosi awiriawiri, buluku lalitali, malaya a manja aatali, chipewa cha khonde, chitenje, bulangete limodzi ndi juzi, chifukwa kuphiri mbandakucha kumawomba mphepo ngakhale m'chilimwe. Tochi yakeyake. Mbale, kapu, sipuni. Wodwala mphumu, shuga kapena khunyu anyamule mankhwala ake ndipo auze mtsogoleri.

Za gulu: tenti, kapena lona ndi zingwe ndi maneti a udzudzu omangirira pansi pa lonayo. Mapoto awiri, mthiko, chipande, mpeni, machesi m'pepala la pulasitiki, chikwanje chimodzi, kakhasu, sopo, thumba la zinyalala. Bandeji, pulasitala, panado, Thanzi ORS. Ngati tenti mwaigula pakaunjika kapena mwabwereka, imangeni kaye pabwalo panyumba. Zambiri zimapezeka kuti chitsulo china palibe kapena zipi ndi yakufa.

Chakudya chikhale chosavunda ndi kutentha: ufa, usipa kapena matemba ouma, nyama ya soya, tomato wosapsetsa, anyezi, mafuta pang'ono, mchere, tiyi ndi shuga. Zodyera m'njira: mtedza wokazinga, mbatata yootcha, chigumu, buledi wa chiponde. Nkhuku yophika Lachisanu muidye Loweruka m'mawa, ikafika madzulo yasasa. Nyemba zouma musatenge, zimatha madzi ndi nkhuni.

Mafoni akhale a Airtel ndi a TNM onse, chifukwa pena imagwira ina. Imodzi izimitsidwe, isungidwe kuti idzagwire ntchito pangozi. Tengani nambala za akabaza awiri a njinga zamoto a pamalo oyandikira, ndi ndalama zosinthasintha m'thumba. Kunyumba kutsale munthu wodziwa phiri limene mwapita, mudzi wake, ndi nthawi imene ayenera kuyamba kukufunani. Ana osakwana zaka 18 abwere ndi chilolezo cha makolo, ndipo atsikana akhale ndi tenti yawo ndi mayi wowayang'anira. Amfumu adzafunsa zimenezi, ndipo ali ndi ufulu wofunsa.

6. Yendani ndi dzuwa, osalimbana nalo

Mu Okutobala kumacha 5 koloko itangopitirira, ndipo pofika 6 koloko madzulo dzuwa lalowa, mdima n'kugwa msangamsanga. Fikani m'mudzi m'mawa, perekani moni kwa amfumu, fikitsani katundu pamsasa 10 koloko isanakwane. Nyenje zikayamba kulira mogonthetsa m'khutu, ndiye kuti nthawi yoyenda yatha. Khalani pamthunzi mpaka cha m'ma 3 koloko. Thanthwe la masana limatentha moti ukaligwira ndi chikhatho umachotsa msanga, ndipo kutenthako kumalowa m'nsapato.

Kukwera pansonga ndimakonda Lamulungu mbandakucha. Mumanyamuka kukungoyera, mwamwa tiyi, miyala ikadali yozizira. Dzuwa limakupezani muli pamwamba, ndipo pansi ponse mumaona zigafa za fodya zili mbuu, utsi wa m'makhitchini ukukwera mowongoka, ng'ombe zikutuluka m'makola ngati nyerere, miombo yofiira ndi yobiriwira itasakanikirana m'mbali mwa phiri. Chimenechi n'chimene ndimabwererako chaka ndi chaka. Musayembekezere kuona kutali kwambiri, chifukwa chilimwe mlengalenga mumadzaza utsi ndi fumbi.

Wotsogolera patsogolo, woyenda pang'onopang'ono pambuyo pake, wamphamvu kumapeto. Gulu lisagawikane. Anthu ambiri amavulala potsika, miyendo itatopa, pa timiyala togubuduka ndi masamba ouma oterera. Tsikani chammbali, ndodo ili m'manja, ndipo mwala ukagubuduka kuwani kuti a m'munsi apewe.

7. Pomanga msasa ndi nkhani ya moto

Moto wolusa ndiwo ngozi ya chilimwe imene alendo saiganizira. Osaka mbewa ndi osaka nyama amatentha tchire masana ndi madzulo, ndipo moto ukafika paphiri umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi pachidikha. Musamange tenti muudzu wautali wouma, ngakhale pataoneka pofewa. Funani lupsa, kutanthauza pamalo pamene papsa kale, kapena dothi loyera pafupi ndi thanthwe lalikulu. Mukaona moto ukubwera kuchokera m'munsi musathawire kumtunda, ukupezani. Pitani chammbali, mulowe palupsa kapena pakati pa thanthwe lopanda udzu.

Pewaninso pansi pa mtengo wouma, m'khwawa, ndi pakhomo pa phanga. Yang'anani pansi ngati pali mzere wa linthumbu. Ambiri timawaza phulusa mozungulira pogona. Pathanthwe zikhomo za tenti sizilowa, mangirirani zingwe ku miyala ikuluikulu.

Pophikira lambulani udzu ndi masamba masitepe atatu mbali zonse, ikani mafuwa, moto ukhale waung'ono. Nkhuni tolani zogwa zokha, ndipo chikuni chilichonse chigubuduzeni ndi ndodo musanachigwire, pansi pake pamakhala zinkhanira. Pogona zimitsani ndi madzi otsukira mbale ndi dothi, mpaka phulusa lizigwirika ndi dzanja. Moto wanu ukathawa n'kutentha udzu wofolerera nyumba kapena ming'oma ya anthu, mlandu wake simuutha, ndipo mwatsekera njira onse obwera pambuyo panu.

Podzithandiza kumbani kadzenje ndi kakhasu, kutali ndi chitsime ndi njira, mukwirire. Mapepala musawatenthe. Chakudya chikhale chomanga m'chikwama, anyani sachedwa kuzolowera.

8. Zoluma ndi zoyabwa

Njuchi ndizo ndimaziopa kuposa njoka. Zimamanga m'ming'alu ya miyala ndi m'mphako, ndipo kukatentha zimakwiya msanga. Mukamva kulira kwake kapena kuona zikulowa ndi kutuluka pamalo amodzi, bwererani mwakachetechete. Zikakuukirani phimbani kumaso ndi chitenje, thawani motsata njira, osati kulowera kuphompho. Mbola ichotseni msanga poipala ndi chikhadabo. Wolumidwa akayamba kutupa kumaso kapena kubanika, thamangirani naye kuchipatala osadikira.

Njoka zambiri zimathawa zikamva mapazi, koma mphiri sithawa, imangogona panjira itafanana ndi masamba ouma. Yang'anani poponda, musalowetse dzanja m'ming'alu imene simukuona mkati, usiku musayende opanda tochi, ndipo m'mawa kutumulani nsapato musanavale. Wina akalumidwa, musatemere, musayamwe, musamange chingwe cholimba kumtunda kwa bala. Zimenezi zimawononga mwendo ndi kutaya nthawi. Mukhazikeni mtima pansi, muvuleni mphete ndi zibangili, mwendowo muumangirire ku ndodo kuti usagwedezeke, mumunyamule pamachira a mitengo iwiri ndi bulangete mpaka pamene kabaza kapena galimoto ingafike. Njokayo musaithamangitse kuti muiphe. Ikakhala ija yolavulira m'maso, tsukani m'masomo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, kenako kuchipatala.

Chitedze chimayanga m'makwawa, ndipo nyengo ino zikhokhombe zake zauma, ubweya wake umauluka ukangogwedeza. Wotsogolera akulozereni kuti ana achidziwe.

9. Mitambo ikayamba kusonkhana

Kumapeto kwa Okutobala ndi mu Novembala kumabwera chizimalupsa, mvula yoyamba ija yozimitsa malupsa, ndipo imabwera ndi mphepo ndi mphenzi. Mukamva kugunda, ngakhale kutali, tsikani pansonga nthawi yomweyo. Musabisale pansi pa mtengo woima wokha kapena pakamwa pa phanga losaya, ndipo musaunjikane pamodzi. Thanthwe lonyowa, makamaka lokhala ndi ndere, limaterera ngati sopo.

10. Potsika, katsazikeni, ndipo muziyang'anira thupi masabata otsatira

Pasulani msasa, tolani chilichonse mpaka timapepala ta maswiti, mwazani mafuwa, kwirirani phulusa. Zinyalala mubwerere nazo ku tauni, musakazisiye pamjigo. Lipirani wotsogolera ndi osenza madzi monga munagwirizana, osayamba kunenerera pamapeto. Kenako bwererani kwa amfumu gulu lonse, muwerengedwe kuti mwatsika onse, muthokoze. Ufa, mchere ndi mafuta otsala musiyire banja limene linakusungirani njinga kapena galimoto.

Mukafika kunyumba sambani, ndipo mufufuze nkhupakupa m'khwapa, m'chuuno, kuseri kwa mawondo ndi m'tsitsi. Mukaipeza igwireni pafupi ndi khungu, muizule mowongoka pang'onopang'ono. Malungo sayamba tsiku lomwelo, amatha kuonekera patatha sabata kapena kuposerapo, ndiye wina akatentha thupi apite akayezetse magazi, osangogula mankhwala pagolosale. Ngati munali mupaki, uzani adokotala kuti munali kumalo a akashembe, makamaka ngati pamene munalumidwa patuluka chotupa chofiira chopweteka, kapena ngati kuyeza kwaonetsa kuti si malungo koma thupi likutenthabe ndi mutu osasiya.